Nkhunda ya Eni Ake

Ndasoka zovala pa khonde limodzi ku Bembeke kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chingerezi changa n'cha pa tepi yoyezera basi. Koma ndikudziwa chimene chili changa ndi chimene si changa.

Chaka chatha mkamwini wanga anatumiza makina opeta kuchokera ku Joni. Ndi amagetsi. Umalowetsamo fulashi yosungira zojambula, iwo n'kumapeta okha maluwa pa nsalu, iwe manja ali m'thumba. Amawayendetsa ndi mwana wanga wamkazi, amene timagwira naye ntchito. Ine ndinakhalabe pa makina anga opalasa ndi mapazi.

Mwezi wa Meyi kunabwera amayi apampando a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ankafuna mabulauzi makumi atatu ndi awiri a pa Misa yothokoza zokolola, lililonse lokhala ndi chizindikiro pa kolala. Kwaya imeneyi ndaisokera zaka zambiri. Ndiyo ntchito yaikulu imene khonde lathu limadalira pa chaka.

Mwana wanga anatsegula foni n'kuwaonetsa nkhunda yonyamula ngala ya tirigu pakamwa. Inali yokongola, sindinama. Amayiwo anaomba m'manja.

Ndinafunsa kuti, "Wajambula ndani?"

"Ndadawuniloda pa intaneti, bambo. Ndi yaulere."

"Sindinafunse mtengo. Ndati wajambula ndani?"

Anati ndi mayi wina wa kunja kwa nyanja. Pansi pa nkhundayo panali timalemba ting'onoting'ono. Ndinati awerenge, amasulire. Anawerenga monyinyirika. Mwiniwakeyo analemba kuti aliyense atha kupeta nkhundayo pa nsalu za m'nyumba mwake, koma osati pa zogulitsa. Wofuna kugulitsa ayambe wapempha.

Ndinati, "Ndiye tipemphe."

Amayi apampando anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. "Atelala, mzungu ameneyo adzakwera kabaza kubwera kuno kudzaona makolala athu?"

"Sabwera."

"Nanga mukuopa ndani?"

"Sindikuopa munthu, mayi. Ndikukana."

Iwo sankadziwa chimene ine ndikudziwa. Ndili telala wachinyamata ndinapeka ndekha kapetedwe ka tsamba la nyemba kozungulira khosi la diresi. Ndinakajambula pa pepala la thumba la simenti, ndinawononga nsalu zitatu kuti kakhale bwino. Telala wina wachikulire anayenda pansi kuchokera ku Chongoni, n'kuima pabwalo panga, n'kunena kuti, "Odi, ndadzapala moto." Ndinamva. Kwathu moto sagulitsa, mnansi akauzimitsa amadzapala kwa mnzake. Koma amayamba waodira. Ndinamupatsa pepala lija ndi manja awiri, ndipo tinakhala mabwenzi mpaka ndinakamuika m'manda.

Telala wina wa ku Lobi sanaodire. Anabwereka diresi la kasitomala wanga, n'kukopera ulusi ndi ulusi. Ndinakaona tsamba langa pa msika, lili pa khosi la mayi wosamudziwa. Nditafunsa, mayiyo anandiuza monyadira kuti anapeka ndi telala wa kwawo, mwamuna waluso. Sindinataye kasitomala ngakhale mmodzi chifukwa cha zimenezo. Koma zinandiwawa ulendo wonse wobwerera. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawabe.

Ndiye ndinauza mwana wanga kuti alembere mayi wa nkhundayo. Mawu ndinapereka ine, iye anaika m'Chingerezi. Ndinati: ndife atelala a kumapiri a Dedza, tikupempha nkhunda yanu pa makolala a kwaya, mukakana sitikwiya.

Sabata inatha. Yankho silinabwere. Inatha yachiwiri.

"Bambo, kusayankha ndiye kuvomera," anatero mwana wanga.

"Ukaodira pakhomo osayankhidwa umalowa?"

"Anthu onse akutenga. Ku Boma onse akupeta zomwezi."

"Onsewo si ana anga."

Anakwiya. Ndikumumvetsa. Makinawo ndi ake, tsogolo ndi lake, ndipo ine ndinawaphimba ndi chitenje ngati maliro.

Ndinatsikira kudimba kumene mbatata ya kachewere inali itachita maluwa. Ndinathyola duwa limodzi, loyera, pakati pachikasu. Ndinalijambula pa katoni ndi pensulo. Kodi ife timathokoza Mulungu chifukwa cha tirigu? Amene amatidyetsa kuno ndi kachewere, chimanga ndi nyemba. Mwana wanga analiyang'ana n'kunena kuti makina ake sangalidziwe. Kuti chojambula cha pamanja chilowe mu fulashi pamafunika kompyuta ndi luso limene iye alibe.

Ndinati, "Chabwino. Mapazi ndili nawo."

Ndinatulutsa kamkombero kanga kakale kokungira nsalu, ndinachotsa phazi lopanira nsalu pa makina anga opalasa aja, n'kuyamba kupeta monga tinkachitira kale, dzanja likuyendetsa nsalu pansi pa singano. Kunali chisanu cha Juni. Zala zinkauma, ndinkaziothetsa pa mbaula n'kubwerera. Maso anga si akale. Duwa limodzi linkanditengera theka la tsiku, ndipo ena awiri ndinawamasula chifukwa anapotoka.

Amayi apampando atabwera kudzaona, anatembenuza kolala uku ndi uku.

"Ichi n'chiyani, atelala?"

"Simukulidziwa? Mumalipalira chaka chilichonse."

"Ndiye tikaime pamaso pa ansembe titavala mbatata?"

"Pa nsembe mukapereka chiyani? Si matumba a mbatata omwewo?"

Sanaseke. Kunatsala masiku asanu, ine nditamaliza khumi ndi limodzi okha. Anasonkhanitsa mabulauzi otsalawo, n'kuwamanga m'chitenje, n'kupita nawo ku Boma. Potuluka anati chaka chamawa ndisawayembekezere. Ndinawathandiza kumanga katunduyo pa njinga.

Tsiku la Misa ndinakhala pa benchi yanga ya nthawi zonse. Kwaya inalowa ikuvina. Nkhunda makumi awiri ndi imodzi, zonse zofanana ngati mazira, zosalala kuposa ntchito yanga. Maluwa a kachewere khumi ndi limodzi, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake. Anthu ambiri anayamikira nkhunda. Ndinamva ndi makutu anga.

Ntchito ya kwaya inapitadi. Chaka chino anasoketsa kwina. Mwana wanga amandikumbutsa ikafika nthawi yogula feteleza, ndipo sakunama. Pano akuphunzira kwa mnzake kulowetsa zojambula zathu mu kompyuta. Wayamba ndi tsamba la nyemba lija, ndipo anayamba wandipempha.

Mayi wa nkhunda sanayankhebe. Mwina kalata yathu sanaione, mwina anamwalira, sindikudziwa. Nkhunda yake ikadali mu fulashi. Pa khonde langa sinapetedwepo, ndipo sidzapetedwa mpaka mwiniwake atanena kuti lowani.