Mizati ya basiketibolo pa Nselema

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Nselema tsiku limene anandiuza kuti malo anga a kusukulu ya uphunzitsi apatsa mwana wa akatekisiti, pamene mayeso ndinamuposa. Mayi anati, "Pirira mwanangu, Mulungu akuona." Ndinayenda pansi mpaka ku Balaka n'kukwera sitima ya ku Rodeshiya.

Kumeneko ndinayamba ndi kuthyola fodya. Kenako amishoni ena a ku Amereka anandilandira pakoleji yawo. Mutu wanga analibe nawo ntchito kwenikweni, anangokopeka ndi kutalika kwanga. Anali ndi masewero awo otchedwa basiketibolo, mpira wamanja woponyera m'chitsulo chozungulira chokhomedwa pamwamba pa mzati. Ndinauphunzira ndi mkwiyo, ndipo posakhalitsa panalibe wondiposa. M'bwalo anzanga ankafuula dzina langa. Tikatuluka ndinkasanduka "MuNyasa", wodya payekha kumapeto kwa benchi. Kangachepe kamene ndinkapeza patchuthi ndinkapatsira anthu obwerera kumudzi. Yankho la mayi linkabwera pakamwa pa anthu omwewo: "Bulangete lafika. Nanga mwini wake?"

Bondo langa litaguluka pamasewero ena, sindinathenso kudumpha. Anandipatsa timu kuti ndiziiphunzitsa. Mpaka lero bondoli limandiuza mvula isanagwe. Anyamata a timuyo ndinawaumba ndekha, m'dzuwa, mawu mpaka kusasa, ndipo anatenga chikho. Wojambula atabwera, pakati anakhazikapo mphunzitsi wachizungu amene sankadziwa n'komwe kugunditsa mpira pansi. Ine anati ndisunthe, ndikutchinga. Ndinasunthadi. Ndinamanga katundu wanga, mpira umodzi ndi zitsulo ziwiri, ulendo wa kwathu.

Inali nthawi ya Chitaganya. Mayi ndinawapeza atakalamba, maso akuchita chifunga. Anandipapasa nkhope n'kunena kuti, "Wabwera ndi mpira? Anzako amabwera ndi njinga."

Mlamu wanga, a Makwinja, mwamuna wa chemwali anga, ndiwo anali aphunzitsi aakulu pasukulu ya mishoni. Anandilola kusalaza bwalo kuseri kwa makalasi, ndipo ndinazikapo mizati iwiri n'kukhomapo zitsulo zija. Ana asukulu ankabwera mwaulesi. Amene mpirawo unawagwira mtima anali anyamata achisilamu, ana a ogulitsa nsomba za ku Chiuta, amene makolo awo sankawatumiza kusukuluko poopa ubatizo. Saidi, wamkulu mwa iwo, ankaponya ngati anabadwa nawo. Ndinkawakalipira m'Chinyanja, iwo n'kumandiseka m'Chiyao, koma madzulo alionse analipo.

Tsiku lina a Makwinja anandiitana. Kunkabwera mzungu woyendera sukulu, ndipo ankafuna kumuonetsa masewero atsopanowo.

"Alamu, anyamata anu aja asewere, koma tiwaveka yunifolomu. Saidi akhale Petulo, tsiku limodzi lokha."

"Petulo? Bambo ake akudziwa?"

"Adziwirenji? Bwana akasangalala, sukulu ipeza malata."

"Ndiye mawa mudzawalola kulowa m'kalasi ndi mayina awo?"

"Iyayi, zimenezo ndi zina. Inu mwakhalitsa kunja, zakuno simukuzidziwa."

Ndinawauza kuti ana a eni si mbuzi zobwereka pa ukwati. Iwo anati ndine mtchona wopanda ulemu, wodya kwa mlamu n'kumatukwana mbale.

Ndinapita kukawauza anyamatawo zonse, osabisa. Saidi anangoti, "Dzina langa anandipatsa ndi agogo anga." Tinatenga makasu, kuzula mizati iwiri ija, n'kuisenza dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pakhomo pa aphunzitsi aakulu mpaka kuseri kwa msika. Woyendera uja anapeza maenje awiri.

Chemwali anga anasiya kundilankhula mpaka pamaliro a mayi. Ntchito ya uphunzitsi sindinaipezenso m'dera lonselo, chifukwa mbiri inandifikira patsogolo pamishoni iliyonse. Ndinalima, ndinagulitsako nsomba, madzulo n'kumaphunzitsa mpira pafumbi la kumsika.

Anthu amati ndiiwale, a Makwinja anapita kale kumanda. Sindinaiwale. Zaka zonse zija ndinkagona ndikulota kwathu, ndikuganiza kuti kupeputsa munthu ndi matenda a azungu. Ndinadzapeza kuti ifenso timakutha bwino lomwe, ndipo wokuchita zimenezo amayamba wakupatsa mpando, n'kukufunsa kuti mwadzuka bwanji alamu.