Zenera Losoka ndi Singano

Inu amene mukuona ngati dziko lakufulatirani, taimani kaye ndikuuzeni za a Sellina.

M'chaka cha 1973, a Sellina anafika ku Manja, mumzinda wa Blantyre, atasenza mtolo umodzi, ana awo awiri, Idah ndi Emily, akutsatira pambuyo. Amuna awo, a Stafford, amene ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe, anali atangomwalira kumene, ndipo m'nyumba ya kuntchito munali mutalowa kale banja lina.

Malo anawapeza mumdadada wa lendi umene anthu ankautcha Sitima, chifukwa zipinda zake makumi atatu zinangondondozana ngati mabogi. Mpopi unali umodzi, bafa limodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, koma mikangano yokha ndiye inali mbwee. Munthu akayetsemula m'chipinda choyamba, wa m'chipinda chachitatu ankayankha kuti pepani. Chipinda cha a Sellina chinali chakumapeto, chopanda zenera. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkatimo munali bii.

Komatu mdimawo sunali kanthu. A Stafford anali a ku Nsanje, ndipo analowola mkazi wawo mokwanira. Kwawoko mwamuna akalowola, ana amakhala akuchimuna. Maliro atangotha, a Gervazio, akulu awo a malemuwo, sanazungulire ayi.

"Mlamu, ana saleredwa ndi misozi m'tauni muno. Mvula yoyamba ikadzagwa ndibwera. Ndikadzawapeza ali ndi njala, ndidzapita nawo kumudzi."

A Sellina anayesa mandasi. Kalanga ine, m'Sitima khomo lililonse linali ndi beseni la mandasi, nanga wogula akhala ndani? Anayenda wapansi mpaka ku Nyambadwe kukafuna ganyu yochapa, koma pageti paliponse ankangolandiridwa ndi agalu. Ana anayamba kuonekera nthiti. Mayiyo anagwidwa ndi mantha, mwakuti anzawo akamapempherera mvula, iwo ankapempha chamumtima kuti ichedweko.

Chimene chinawatsalira chinali maloto. Ankakhala pakhomo masana, maso ali gwa, n'kumaona nyumba ina yake yam'mwamba, ya zenera lalikulu, kuwala kwa m'mawa kukugwera pankhope za ana awo, phiri la Soche likusuzumira mkati ngati mlendo wodziwika. Ankachita kudzidzimuka ndi phokoso la zidebe pampopi.

Tsiku lina Emily, wamng'onoyo, anafunsa, "Amayi, kodi zenera lathu omanga anaiwala?"

Funsolo linawabaya. M'mawa mwake anapita ku Limbe, kumene matelala ankasoka m'makhonde a masitolo, n'kupempha tizidutswa ta nsalu tomwe tinkasesedwa kukatayidwa. Ndi singano imodzi yokha anasoka zenera pa katani yogawa chipinda chija: thambo la nsalu yabuluu, phiri lobiriwira, dzuwa lachikasu, mbalame zitatu zoyera. Anaikanso kansalu kovundukula. M'mawa uliwonse ana ankalimbirana kutsegula, n'kumati, "Lero kunja kwacha bwino!"

Anthu a m'Sitima anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mayi wakumapetoyo mutu wayamba kuzungulira."

Chaka chomwecho kunabwera lamulo loti diresi ya mkazi izibisa mawondo. Constance, mtsikana wa m'chipinda chachisanu amene ankataipa makalata mu ofesi ina m'tauni, anabwezedwa pa siteji ya basi anthu akuonerera. Madiresi ake onse anali ofika pamwamba pa bondo, ndipo matelala anamuuza kuti diresi yaifupi ilibe mankhwala, angogula nsalu ina. Analira pampopi mpaka maso kutupa. Kenako anakumbukira chimene ankaseka chija, n'kukagogoda kumapeto.

"Amayi ake a Idah, dzanja limene linasoka phiri lija lingalephere kutalikitsa diresi?"

A Sellina sanangophatikapo chigamba. Anasankha tizidutswa togwirizana, n'kusoka mpendero wake kumunsi, kenako n'kuikako pang'ono m'khosi ndi m'manja, diresi n'kumaoneka ngati inabadwa choncho. Ku ofesi anzake a Constance anamuzungulira kumufunsa sitolo imene anaigulako. Loweruka lotsatira, mzere wa pakhomo pa a Sellina unaposa wa pampopi.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Tsiku lina anasokerera nsalu yofiira yosachapa pa diresi yoyera ya mayi wina wa kwaya. Itangolowa m'madzi, yonse inasanduka yapinki. Mwini wake anawalalatira Sitima yonse ikumva. A Sellina anapepesa atagwada, analira mokwanira, koma m'mawa mwake anatenganso singano. Kuyambira pamenepo kachidutswa kalikonse ankayamba akanyika m'madzi asanakasoke. Zala zinatupa, masingano anathyoka, iwo osaleka.

Ndipo taonani, Sitima yomwe inkaseka ija inasintha. Wina anawabwereka simbi yamakala. Amayi aja olimbirana chingwe anagwirizana kuti m'mawa chizikhala cha tizidutswa ta a Sellina, ndipo tikamauluzika ndi mphepo, bwalo lonse linkaoneka ngati pali ukwati.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi. Loweruka a Gervazio anatulukira, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa, loti anyamuliremo zovala za ana.

Bamboyo anadutsa pakati pa amayi odikira madiresi, n'kulowa m'chipinda chamdima chija. Anapeza ana akumwa tiyi ndi mbatata, masaya atabwerera. Emily anawagwira dzanja.

"Bambo aakulu, bwerani muone kunja."

Mwanayo anavundukula kansalu kaja. A Gervazio anayang'ana thambo, phiri ndi mbalame zitatu zija nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ngati mwalowa kachitsotso. Anatembenuka n'kupereka thumba lija kwa a Sellina.

"Mlamu, ili muziikamo tizidutswa tanu. Anawa ali pakwawo."

Patapita zaka zinayi, a Sellina anali ndi makina awoawo ndi atsikana atatu owaphunzitsa kusoka, m'nyumba yam'mwamba ku Limbe. Tsiku losamukira, Emily anathamangira pazenera lenileni lagalasi, n'kulikankha. Patali, phiri la Soche linali chilili.

"Amayi, ndi lomwe lija!"

A Sellina anangokhala pansi n'kulira ndi chimwemwe. Katani yakale ija sanaitaye, anaipachika pambali pa zeneralo.

Mwina nanunso lero muli m'chipinda chakumapeto, mukuopa mitambo. Musanyoze kasingano kali m'dzanja lanu, ngakhale aneba aseke chotani. Tolani zimene ena ataya, sokani zenera lanu, ndipo muzilitsegula m'mawa uliwonse mpaka lenilenilo litapezeka. Mtima wokhawo musautaye.