Buledi wamuwisi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankagulitsa nkhuku pa loji ina pa boma la Lundazi. Anamva kuti kukhitchini akufuna mtsikana, ine ndinachoka kwathu ku Magodi ndi kachikwama kamodzi. Mkulu wa khitchini, amayi Zimba, anandiyang'ana manja osati nkhope.

"Tikuyesa mwezi umodzi. Wojomba sitimusunga," anatero.

Anandipatsa ntchito ya nyenyeswa za buledi, zimene amakutira nkhuku ndi nsomba asanakazinge. Zimafuna buledi wogona, wouma. Watsopano ife tinkamutcha wamuwisi: ukamusinja mumtondo amamatirira ngati phala, ndipo m'mafuta amayoyoka, nkhuku n'kutsala yamaliseche. Choncho otsala patebulo tinkawasunga m'thumba la ufa lokoloweka pafupi ndi uvuni.

Tsiku lovutalo linali la m'dzinja. Kunali phwando la ukwati masana, ndipo nditatsegula thumba ndinapeza buledi yense atachita chuku chifukwa cha chinyezi. Magetsi anali atapita, uvuni sukugwira ntchito. Dzuwa kunalibe. Amayi Zimba anagula watsopano, wofundabe, nandionetsa chochita kuti aume msanga. Uchotse khungu, udule timagawo topyapyala, uyale pathileyi osasanjikiza. Makala a pambaula uwakwirire ndi phulusa, thileyi uyikweze panjerwa kuti moto uzingoiwomba. Uzitembenuza.

"Osathamangila. Moto ukakula apsa kunja, mukati akhala wamuwisi. Uzityola kamodzi, uone mukati."

Ndili pathileyi yoyamba, foni inalira m'thumba la epuloni. Anali malume. Amayi anga anali atamwalira m'bandakucha, ndipo chifukwa cha mvula ndi kutentha, maliro aika tsiku lomwelo madzulo. Galimoto yopita kwathu inkanyamuka pamsika chakumasana. Ndikaiphonya, nkhope ya amayi sindiionanso.

Ndinati, "Ndamva." Ndinabweza foni m'thumba, n'kutembenuza buledi.

Anthu amandifunsa chimene ndinkaganiza. Palibe. Sindinalire, sindinanjenjemere. Mawu oti wojomba sitimusunga ankamveka chapatali, koma sindinganene kuti ndi mantha amene anandisunga. Manja okha ndiwo ankadziwa chochita, ine ndinkangowatsatira. Kudula, kuyala, kutembenuza, kuthyola. Kagawo kakalira kuti thyo, kapite mumtondo. Ndinasinja, ndinasefa, zotsala pasefa ndinasinjanso. Nyenyeswa zinatuluka zoyera bwino, zabwino kuposa zonse zimene ndinapangapo.

Amene anaona ndi amayi Zimba. Ndinali nditanyamula thileyi pambaula ndi manja okha, popanda nsanza, ndikuyenda nayo pang'onopang'ono.

"Iwe Tiwonge! Sumvela moto?"

Anaigwetsa pansi ndi chikho, nandiviika manja m'ndowa. Zala zinali zitatuwa kale.

"Nichani mwana iwe?"

"Amama ŵafwa," ndinayankha m'Chitumbuka cha kwathu, ngati ndikunena kuti mchere watha.

"Liti?"

"Kuseni, m'bandakucha."

Anavula epuloni yanga okha. Anandipaka mafuta m'zala, nandimanga ndi kansalu koyera. "Nanga ine ndine chinyama? Sembe unakamba, nikanakuleka upite!" Anandiitanira wa njinga yamoto, koma titafika naye pamsika tinapeza galimoto itapita. Tinaitsatira m'matope, kugwa n'kudzuka. Ndinafika kumanda anthu akutsira dothi lomaliza. Azakhali anandigwira kuti ndigwe pa iwo, ine ndinangoima, manja omangidwa ali m'mwamba. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti mwanayu ngwouma mtima.

Kuntchito ndinabwerera patapita sabata, malo anga alipobe. Misozi inabwera mochedwa kwambiri, tsiku wamba, ndikupukuta mbale.

Lero khitchini ndimayendetsa ndine. Atsikana atsopano ndimawaphunzitsa zomwezo: timagawo topyapyala, moto wochepa, uthyole uone mkati. Koma mmawa uliwonse, asanagwire mpeni, ndimafunsa aliyense kuti kunyumba kwadzuka bwanji. Akati kuli bwino, sindichokapo msanga. Ndimaima pomwepo, n'kufunsanso kachiwiri.