Njuchi ya ku Kanyama

Ntchito yanga ya kudepoti ya malole itatha, chomwe ndinatuluka nacho ndi kontena yadzimbiri imene abwana ankasowa kokaitaya. Lole inadzaitula pabwalo pathu ku Kanyama, ndipo aliyense wodutsa ankafunsa kuti ndizigulitsamo chiyani. Kwathu kontena ndi shopu kapena mometera tsitsi, apo ayi tchalitchi. Ine ndinkangomwetulira ngati munthu wodziwa zakuya.

Ndinali nditaona pafoni anthu akunja akulima m'makontena, ndipo ndinakhulupirira kuti nzeru imeneyi inkadikira ine. Ku Kanyama pansi ndi mwala wokhawokha, ndipo mvula ikagwa madzi amaima mpaka m'mawondo, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Ndiwo zodzala pansi zimamira. Matimati anga ndinafuna akhale m'matumba, pamwamba, madzi asawakhudze.

Wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga anadula denga n'kuika malata apulasitiki olowetsa dzuwa. Atandifunsa za mawindo ndinakana kwamtuwagalu. Munthu wokulira mukomboni sasiyira wakuba mpata. Tinaboola timabowo tochepa m'mwamba, n'kutitchinga ndi sefa yoti ngakhale udzudzu ubwerere, ndipo pachitseko ndinakolekapo loko wamkulu ngati wa kundende.

Matimati anakula bwino zedi, mpaka kugunda denga. Anachita maluwa achikasu, ine n'kuyamba kuyenda mothimbwidzika. Kenaka maluwawo anayamba kuthothoka osasiya kanthu. Foni yomwe ija inandiuza chifukwa chake. Duwa la matimati limafuna kugwedezedwa ndi mphepo kapena njuchi kuti libereke, ndipo ine ndinali nditatsekera kunja zonse ziwiri pamodzi ndi akuba. Mankhwala ake anali akuti mlimi azigwedeza yekha mitengoyo m'mawa uliwonse.

Ndiye dzuwa likatuluka ndinkalowa, n'kudzitsekera, n'kumagwedeza mtengo uliwonse ndi chala. Sindidziwa chinandilowa n'chiyani, koma ndinayambanso kulira ngati njuchi, poganiza kuti mwina duwa limamva. Sindinadziwe kuti kontena ndi ng'oma. Kamawu kanga ka m'mphuno kankatuluka kunja ngati kubuula kwa chinthu chachikulu chomangidwa. Ndinkatulukamo thukuta lili kamukamu, maso ali psu, n'kukhoma loko msangamsanga.

Mkazi wanga ankagulitsa zitumbuwa pageti. Nyumba yathu inkaima pa beseni lake, ngakhale ine sindinkakonda kuvomereza zimenezo. Tili ndi ana amapasa, choncho iye amandiitana kuti bashimpundu monga mwa Chibemba cha kwawo, kutanthauza bambo a mapasa. Tsiku lina analowa ndi beseni lili lodzaza ndithu.

“Bashimpundu, bantu bakamba ati musunga chintu mukontena. Ati mumachipasa vakudya kuseni. Bana ba sukulu babalesa kugula pali ine.”

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti apirire pang'ono, matimati akapsa ndidzatsegula chitseko ndipo komboni yonse idzagwira pakamwa. Ndinkafuna tsiku langa laulemerero, anthu atandizungulira, ine ndikufotokoza za ulimi wamakono m'Chingerezi. Kuti pakali pano ana anga akudya zitumbuwa zotsala m'mawa, masana ndi madzulo, ndinkaona ngati n'zazing'ono.

Lamlungu lina mkazi wanga anabwera kuchokera kutchalitchi osavula n'komwe nsapato. Anakhala pampando n'kundiuza kuti pa benchi ya amayi anakhala yekha. Mnzake wapamtima, amene anamusunga m'chikuta atabereka mapasa aja, ananyamula chikwama n'kusamukira kumbuyo. Mlaliki anapempherera mabanja amene alemera ndi mphamvu zamdima, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa iye. Ife olemerawo tinalibe ngakhale mafuta ophikira. Sanalire pondiuza zimenezi, ndipo zinandipweteka kwambiri kuposa akanalira.

“Mailo kuseni musakome chitseko,” anatero. “Nizabwela na bantu.”

M'mawa mwake anabwera nawodi, amayi a kutchalitchi atamanga zitenje zolimba, wina atanyamula kabotolo ka mafuta odzozera. Mnzake uja anali patsogolo, milomo ikuyenda ndi pemphero. Nditatsegula, mpweya wotentha unawawomba kumaso ndipo awiri anabwerera m'mbuyo akuitana dzina la Yesu. Kenaka anasuzumira. Anaona matumba a ufa odzaza dothi, zingwe, masamba, ndi timatimati tobiriwira tonga mabulo.

“Nanga chamene chimalila chili kuti?” anafunsa wa mafuta uja.

Mkazi wanga anandiyang'ana. “Baoneseni, bashimpundu. Monga mwamene mumachitila.”

Ndinayesa kuyamba ndi mawu a Chingerezi aja, koma iye anapukusa mutu. Choncho ine, bambo wa imvi, amene ndinkalamula madalaivala a malole, ndinawerama pamaso pa amayi a mpingo, n'kugwira kamtengo ndi chala, n'kuyamba kulira ngati njuchi. Kontena inandiyankha mokweza monga mwa masiku onse.

Woyamba kuphulika anali mnzake uja. Anaseka mpaka kukhala pansi pathumba la manyowa, misozi ili mbwembwembwe, akumenya mkazi wanga paphewa. “Mayo ine! Kansi ni njuchi chabe! Ba neba, mwakwatiwa na njuchi!” Enawo anandipempha kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, ndipo mpaka lero ana akandiona panjira amayamba kulira m'mphuno.

Atapita, ndinakhala pakhomo pa kontena manyazi atandigwira, ndiponso nditakwiya ndithu. Ndinamuuza mkazi wanga kuti wandivula pagulu, ndipo tsopano komboni yonse ikudziwa kuti mwamuna wake ndi chitsiru, chipuba monga amanenera kuno. Iye anali akukanda ufa wa zitumbuwa za mawa, wochuluka kuposa wa masabata onse apitawo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

“Ee, baziba,” anatero. “Mukazi wa chipuba bamankala naye pa benchi.”