Mtanda wa Choko wa Mayi Sizasi

Mayi Sizasi sakwiya kawirikawiri. Anakwiya kamodzi kokha, zaka makumi awiri zapitazo, ndipo mpaka lero sanaleke. Chinawakwiyitsa ndi kashopu kawo ka utelala kumsika: denga la malata longotsala pang'ono kukhudza mutu, khomo loyang'ana kolowera dzuwa. Ikamati 3 koloko masana, thukuta linkadonthera pansalu za eni, mapazi atatupa, sizasi itatentha ngati simbi. Ife okapinditsa mathalauza tinkadziwa kuti kumeneko n'kopita m'mawa.

Choncho atapeza puloti, anati nyumba yawo ailinganiza okha. Mwezi wathunthu ankazungulira pamalopo, tepi ili m'khosi, kuona kumene mthunzi ukugwera ndi kumene mphepo ikuchokera. Njerwa zowotcha anazikana: "Mitengo ipserenji chifukwa cha ine?" Anasankha zadothi zopsinja pamakina. Denga likwere, m'munsi mwake mukhale timabowo totulutsa mpweya wotentha, madzi a mvula azitsikira m'thanki. Koma mtima wa nyumba yonse unali chipinda chosokeramo: chikhale kum'mawa, ndi windo lalikulu loti asamayatse getsi masana, kumadzulo kukhale khonde lotambalala lotchinga dzuwa.

Pulaniyo anaijambula papepala lopyapyala lodulira mapatani, inki n'kulowerera mpaka kuseri. Miyezo anailemba padera m'kope, monga amachitira ndi ziuno zathu. Pomaliza anaika mtanda wa choko kuseri kwa pepalalo, poti telala aliyense amadziwa kuti kuli mtanda ndiko kumbuyo kwa nsalu.

Womanga anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, mmisiri wosafunsa kanthu kwa munthu. Ataona mtandawo anati, "Eya, mbali yoyenera andichongera kale," n'kukhomera pepalalo pathabwa motembenuza. Mayi Sizasi apo n'kuti atapita kukathandiza mwana wawo wamkazi yemwe anali atangobereka kumene. Pobwera patatha masabata atatu, anapeza makoma afika pamwamba pa mawindo, nyumba yonse ili ngati yaonedwa pagalasi: khonde kum'mawa, windo lalikulu litayasamira kumadzulo.

Ine sindinaliko, koma mkazi wanga ankayanika zovala pafupi, ndipo tsiku limenelo anayanika mpaka zouma kale.

"Alamu, dzuwa limatuluka kuti?" anafunsa Mayi Sizasi.

"Ndi moni ameneyo, alamu? Kamwanako kali bwanji?"

"Ndati limatuluka kuti? Kapena kwanu limatulukira kumene likulowera?"

Mmisiri analoza pepala. "Ndatsata mtanda wanuwu."

"Mtanda ndi kumbuyo! Kumbuyo! Mwandisokera nyumba kunja kukhala mkati!"

"Ife omanga, pamene pali mtanda m'pamene timakumba."

"Ndiye mwakumba manda anga! Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwotchedwa ngati njerwa, ndiye ndidzapsenso m'nyumba yanga yomwe? Masulani!"

"Khoma si diresi, alamu. Muikapo katani, nkhani yatha."

Mawu akuti katani ndiwo anathira mafuta pamoto. Katani, kwa munthu amene anafuna windo kuti aziona diso la singano popanda getsi! Abale anabwera kudzapepesa, ena akuti nyumba ndi nyumba, ena akuti agule fani. Mayi Sizasi anawauza kuti fani akaigule ndi kuipachika m'mitu mwawomo, mwina mungalowe kamphepo.

Mawa lake, 2 koloko masana, anafika atasenza mpando wawo wa kushopu. Anauika pawindo lija, pamene panayenera kukhala makina, n'kuyala malata awiri pamwamba.

"Khalani apa, alamu. Nayi nsalu, nayi singano, nawu ulusi, nawa mabatani khumi. Mukafika 5 koloko muli pompo, khoma likhale."

Mmisiri anaseka, akuti iye ndi munthu wa padzuwa. Koma kugwira ntchito padzuwa ukuyendayenda n'kwina, kukhala chete dzuwa likukulasa m'maso n'kwinanso. Thukuta linamulowa m'maso, ulusi ukukana kulowa, singano ikuterera. Anamata batani limodzi, lomwelo analisokera kumodzi ndi thalauza lake. Mayi Sizasi anali chilili pamthunzi wa khoma, manja m'chiuno, akuyang'ana wotchi.

Isanakwane 4 koloko, mmisiri anadzuka, anakwera pamakwerero n'kuzula njerwa yoyamba. Inatuluka yathunthu, poti zinamangidwa ndi matope.

"Musagwetse," anatero Mayi Sizasi. "Imodziimodzi. Ndikulandirani."

Anagwira ntchito yophwasula ndi kumanganso masiku asanu ndi anayi, mlamu pamwamba, iwo pansi, osapatsana moni. Tsiku limene khoma lakum'mawa linafika poika windo, mmisiri anafunsa chapansipansi, "Apa, alamu?"

Mayi Sizasi anayang'ana mthunzi, anayeza ndi tepi kawiri.

"Sunthani pang'ono. Kumanja. Kumanja kwanga, osati kwanu!"