Magazini ya m'kabati mwa a Bizwell

Nkhaniyi inayambira ku chigayo. A Mervis, amene anakathandiza kuzira m'nyumba mwa a Bizwell Mlongoti sabata imeneyo n'kupeza mpata wosuzumira m'kabati, ankanong'oneza mnzawo pamzere wa matumba kuti, "Buku lija ndi chikuto chokha, amwali. M'kati muli zithunzi za chimanga." Khutu silipempha chilolezo, mawuwo anatipeza ndi ife tinali kumbuyo. Kukhulupirira kwake kunali kwa theka, paja a Mervis ndi omwe aja analengeza kuti sitima yagwa tsiku limene inangochedwa. Komabe theka linalo linatsala likuyabwa.

Kwa amene simukuwadziwa, a Bizwell ndi aja ankapereka mankhwala pa windo la kachipatala ka mishoni, kumunsi kuno kwa Bwanje, kufupi ndi Sharpevale. Munthu wamfupi, wadazi, malaya oyera ositidwa mpaka kuthwa, khadi la chipani m'thumba limodzi ndi bolopeni. Sukulu sanapite nayo patali. Ntchito anayamba ndi kutsuka mabotolo, kenaka masisitere ataona kuti dzanja lawo silinjenjemera powerenga mapilisi, anawaika pa windo. Ndipo ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Mayi akabwera ndi mwana, sankamulola kuchoka asanabwereze pakamwa kamwedwe kake.

Ndiye kunabwera dokotala wina wachizungu, wamtali ngati mgwalangwa, kudzayesa mankhwala atsopano a likodzo pa anthu olima mpunga m'madambo. Ankafuna munthu woti azizungulira m'midzi pa njinga, kumwetsa anthu mapilisi ndi kutolera mikodzo yawo m'mabotolo. Ntchito imeneyo inagwera a Bizwell. Nyengo yonse ya dzinja njinga yawo inkamveka patali, ngwee ngwee mabotolo m'kabokosi. Anthu a kuno pakamwa sasunga. Anawapatsa dzina loti a Mikodzo, ndipo pa maliro munthu ankachita kusuntha pang'ono iwo akakhala pansi. Akazi awo, a Lufina, anasiya kupita ku mjigo nthawi ya anthu ambiri.

Mzungu uja atabwerera kwawo, patapita nthawi, sitima inabweretsa kaphukusi. Munali magazini ya akatswiri a zamankhwala, yachikuto chobiriwira, ndipo m'katimo munali nkhani ya likodzo la ku Bwanje. Dzina la a Bizwell linalimo. Sisitere wamkulu analiona ndi maso ake, ndipo anawagwira chanza pamaso pa odwala.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la a Mikodzo linafa, kunabadwa adokotala. Mzungu uja asanachoke anali atawauza kuti magazini yotere ulemu wake umaoneka akatswiri ena akamaitchula m'zolemba zawo. Mawu amenewo a Bizwell anawafesa, anawathirira, mpaka anakula kuposa mwini wake. Madzulo aliwonse, pakhonde la sitolo ya a Sumani, mnzawo wosewera naye bawo, ankati, "Kunjaku dokotala sangalembe za likodzo osatchula magazini ija. Akalumpha, anzake amamubweza."

"Ndiye kuti ndikudya nkhomo za munthu wodziwika mpaka ku Ulaya," ankatero a Sumani, uku akukolola mbewu za adokotala pa bawopo. "Sewerani, adokotala, akukudikirani azungu."

Chimene anthu sankadziwa ndi chimene chinachitika chaka cha madzi osefukira. Njanji inaduka, msewu unaduka, malungo analowa nyumba iliyonse. Mapilisi a malungo analipo, koma timaenvulopu toikamo tinatha. A Bizwell anakulungira m'nyuzipepala, nyuzipepala inatha. Anakulungira m'kalendala wa pakhoma, nayenso anatha. Mzere unali ukadali mpaka pa mtengo wa mango, mvula ikuwaza, ndipo pilisi lopanda pepala m'manja monyowa limasungunuka munthu asanafike pa msewu. Magazini ija inali pa tebulo pompo, paja ankaisunga kuntchito kuti azionetsa alendo. Anaitembenuza nayamba kung'amba masamba a kumapeto, a zotsatsa malonda, mumtima akuti ndikafika pa tsamba langa ndiima. Koma maso anali pa ana akunjenjemera kumsana kwa amayi awo, dzanja likungong'amba lokha. Pamene ankatseka windo, m'manja mwawo munali chikuto chobiriwira basi.

Anayesa kulondola. Anapalasa njinga m'matope, namanamizira kuti akuzonda odwala, maso ali pansi kufunafuna timapepala. Koma pepala lofewa lotero kwa azibambo a kuno ndi mphatso. Nkhani yonse ya likodzo inali itapita kale ndi utsi wa chingambwe.

Akanangonena, anthu akanaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Koma munthu amene anakhalapo a Mikodzo amadziwa mmene mpando wakumbuyo umazizirira. Anatenga timabuku ta alangizi a zaulimi, anatisokerera m'chikuto chija, anakulunga m'pulasitiki, natsekera m'kabati ya magalasi kunyumba, pakati pa makapu a alendo. Wofuna kuigwira ankauzidwa kuti mapepala a kunja safuna mpweya wa kuno. Ngakhale a Lufina ankangopukuta galasi. Ndipo chodabwitsa, pamene m'kati munatheratu ndi pamene nkhani ya pakhonde la a Sumani inakula kwambiri.

Tsopano mwana wawo Veronica, mtsikana wofatsa wophunzitsa sukulu ya pulayimale, anapeza mwamuna. Maynard, wa kumtunda ku Kandeu, amene anaphunzira za mankhwala ku tauni ndipo anali atangoyamba ntchito pa chipatala chachikulu. Mnyamatayo analibe vuto. Vuto linali malume ake, a Yoramu, mphunzitsi wopuma, mwini ng'ombe, munthu amene ankati anthu a kuchigwa ubongo wawo unapsa ndi dzuwa. Banjali ankalikana, mpaka tsiku limene anakumana ndi a Bizwell pa boma, a Bizwell n'kuwafotokozera za magazini. Pamenepo ndiye anafewa, ati mwana wa munthu wolembedwa m'mabuku akhoza kulowa pa banja lawo.

Loweruka la sabata yomwe ija ya ku chigayo, a Yoramu anatsika ndi mphwawo kudzapangana tsiku la chinkhoswe. Anakhala pabalaza, chipewa pabondo, tiyi m'manja. Zonse zinkayenda bwino mpaka maso awo anagwera pa kabati.

"Ndi imeneyo, achimwene?"

"Ndi imeneyo," anatero a Bizwell.

"Itulutseni, mphwangayu atiwerengere. Ndinamulipirira sukulu kuti tsiku lina ndidzamve Chizungu cha mankhwala."

"Mapepala ake safuna mpweya."

"Mpweya wake uti? Ine ndasunga mabuku zaka zonse za uphunzitsi wanga, palibe linafapo ndi chimfine."

A Lufina, osadziwa kanthu, anali atatulutsa kale kiyi pa mpango. Anatsegula monyadira, napereka kwa Maynard ndi manja awiri atagwada. A Bizwell anayang'ana pakhomo ngati munthu woyembekeza kuti wina adwale mwadzidzidzi.

Maynard anamasula pulasitiki, natsegula. Anayang'ana tsambalo, anayang'ana apongozi ake, natsekanso msanga. Mwana wamakhalidwe ndithu.

"Chizungu chake ndi chozama, malume. Chimafuna kukhala nacho pansi."

"Bwera nayo kuno." A Yoramu anavala mandala. Anatsegula pakati, anatsegula kutsogolo, anatsegula kumbuyo, osafulumira. Kenaka anaitembenuza kuti aliyense aone chithunzi cha bambo akuthira feteleza pa phando.

"Achimwene, ndiphunzitseni. Kuno likodzo limagwiranso chimanga?"

Veronica, amene anaima pakhomo la kuchipinda ndi mbale ya mandasi, anabwerera nayo.

"Maynard," anapitiriza a Yoramu, chala chili pa chikuto, "dzina ili ukulidziwa? Usandinamize, ndakulera ndine. Paja akuti madokotala a dziko lonse amaitchula."

Mnyamatayo anapukuta thukuta. "Ndinaiona ku laibulale ya kusukulu, malume. Kumeneko magazini amaziyeza poona kuti akatswiri ena azitchula kangati. Zina zimatchulidwa kwambiri, zimakhala pa shelefu ya kutsogolo."

"Nanga iyi?"

"Iyi inali yaing'ono. Inatuluka kangapo n'kusiya. Sindinamvepo wina akuitchula. Koma si kuti zolembedwamo zinali zabodza ayi."

A Yoramu anaika magazini ija pa tebulo mofatsa, navala chipewa. "Munthu wonama pa buku, za mwana wake ndimukhulupirire bwanji? Mayi, zikomo chifukwa cha tiyi. Za tsiku tidzakambirana ndikadzakhala ndi mtima." Anatuluka, Maynard akuwatsatira chozolika, kukagona kwa wachibale wawo wogwira ntchito ku siteshoni.

Tsiku limenelo a Bizwell sanapite ku bawo. Anakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene munthu wodutsa pa msewu sangawaone. A Lufina sanakalipe, n'kumene kunapweteka. Anangoti, "Ine ndakhala ndikupukutira chimanga zaka zonsezi, bambo a Veronica? Chabwino. Zanga zilekeni. Koma mawa mulawirire, mukawapeze asanakwere. Mwana wanga sasiyidwa chifukwa cha chikuto."

Mawa lake analawiradi, atavala malaya wamba, magazini ija ili m'thumba la jekete. Alendowo anawapeza pakhonde la a Sumani, akudikira lole ya kumtunda. Nkhani inali itafika kale, paja khoma la nyumba za kuno lili ndi makutu abwino. Azimayi ogulitsa nthochi anasiya kuitana makasitomala.

A Bizwell anavula chipewa, nakhala pansi penipeni, osati pa benchi. Anafotokoza zonse, za madzi, za timaenvulopu, za chingambwe, za timabuku ta alangizi. Anati cholakwa ndi chawo, Veronica sankadziwa kanthu.

"Zomveka," anatero a Yoramu. "Koma dzulo munali ndi nkhani ina yokoma, lero muli ndi inanso yokoma. Ine ndigwire iti? Mwinanso dzina lanulo silinalembedwemo n'komwe."

A Sumani, amene ankapima shuga ngati sakumva, anapukuta manja pa mkanjo nalowa kuseri. Anabwerako ndi kachitini ka tiyi. M'menemo anatulutsa pepala lopindikapindika, lachikasu, lokhala ndi banga pakati.

"Mwana wanga Zuleka anatsala pang'ono kupita chaka cha madzi chija," anatero. "Mapilisi ake anabwera m'pepala ili. Ine Chizungu changa ndi cha pa makatoni, koma dzina la mnzanga ndimalidziwa. Tawerenga, mnyamata iwe."

Maynard analitambasula pa bondo. Anafufuza mpaka pansi penipeni, pa timalemba tating'ono, namasulira pang'onopang'ono. Wolembayo ankathokoza dalaivala, ankathokoza masisitere, ndiponso a Bizwell Mlongoti, amene ananyamula mabotolo pa njinga m'midzi yonse, ndipo sanachoke pakhomo la munthu asanaone kuti mankhwala amezedwa.

"Basi?" anafunsa a Yoramu.

"Basi, malume."

"Ndiye kuti inu, achimwene, munkanyamula mikodzo."

"Inde."

"Osati kulemba."

"Ayi."

A Yoramu anatenga pepala lija, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nalinunkhiza ngati muli fungo la mankhwala. Lole inali italira kale kumunsi. Anaimirira, nakonza chipewa.

"Dzina lilipo, ngakhale likufuna mandala. Tidzabwera ndi tambala wathu mpunga ukakololedwa. Koma pa chinkhoswepo wina asadzanditchulire za Ulaya. Ndidzanyamula nkhuku yanga n'kubwerera."

Lole itapita, a Bizwell anatsala atakhala pansi pomwepo. Sanathe kuyang'ana a Sumani kumaso.

"Ndiye kuti zaka zonsezi munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ine ndikulankhula pakhonde pano madzulo aliwonse, inu muli chete."

"Ndikanakupatsani, mukanadziwa kuti ndikudziwa. Mukanabweranso ku bawo inu? Ndiye ine ndizidya nkhomo za yani?" A Sumani anapinda pepala lija nalibwezera m'chitini.

"Simundipatsa?"

"Ndi la Zuleka ili. Inuyo munapereka nokha pa windo."

Ku chipatala mzere unali utayamba kale, paja malungo sadziwa Lamulungu. A Bizwell anadutsa kumbuyo, osati kutsogolo monga ankachitira, natsegula windo. Woyamba pamzere anali a Mervis, ndi mdzukulu kumsana.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?" anatero, maso ali pa denga.

A Bizwell anawerenga mapilisi. Anapisa dzanja m'bokosi la timaenvulopu, napeza muli mbee, monga mwa masiku onse a kumapeto kwa mwezi. Anatulutsa magazini ija m'jekete, anang'amba ngodya ya chikuto chobiriwira, nakulungiramo.

"Theka m'mawa, theka madzulo, atadya. Tabwerezani, mayi."

A Mervis anabwereza.