Chala cha Bambo Anga pa Thanki ya Petulo

Lolemba lapitali ndinali chigonere chagada pansi pa galimoto ya malemu bambo anga, dzimbiri likundithothokera m'maso, ine ndikutukwana bawuti.

Ndi kapikapu kakalekale, kakakulu kuposa ine. Kankanyamula kachewere ndi kabichi kuchoka kwathu ku Kasina kupita kumsika wa ku Mayani. Chimwalirire bambo, kakhala kali pansi pa mtengo wa mapichesi, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Ndiye bambo anga aang'ono, a Fabiano, anabwera ndi chigamulo. "Pofika Loweruka ikapanda kuyenda yokha mpaka kumsewu, ndikuitana ogula zitsulo zakale aja. Tiziisunga ngati fano la woyera?"

Injini inalibe mlandu. Nditaimwetsa petulo wa m'botolo, inatsokomola n'kulira. Vuto linali thanki: ukathira pamwamba, pansi panyowa kale.

Mabawuti atatu anamasuka bwinobwino. Lachinayi linakana. Ndinalimenya ndi hamala mpaka kudzisupula chala.

"Iwe Bene," anatero amayi ali pakhonde, "galimotoyo inakulakwira chiyani?"

Thanki itatsika ndinaimangirira pa njinga yamoto, ulendo wa ku Mayani kwa a Kamwendo, mkulu wowotcherera zitsulo. Ndinangoiponya kuti phi! pamapazi pawo. "Iwotcherereni pompano."

Anaweramira pakamwa pa thankiyo, n'kununkhiza.

"Mwana wa a Lusiyano, ukufuna tonse tikadyere nkhomaliro kumwamba? Thanki siiwala petulo. Ngakhale iume zaka, ukaiyandikiza moto imaphulika. Kaitsuke ndi madzi a sopo, uthiremo timiyala, uikhutchumule dzimbiri lichoke, uyanike masiku atatu."

"Masiku atatu? Ngati ntchito yakukanikani, nenani!"

Sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo ako ankayamba ndi moni."

Ndinabwerera ndikufuka ngati chitsa chonyowa. Amene mumawerenga tsamba lino mukundidziwa: mtima wanga uli pafupi ndi pakamwa. Ndi mtima womwewu umene unanditulutsa m'kalasi ya Sitandade 7 tsiku limene aphunzitsi anandiseka.

Koma ndinatsuka. Ndipo matope a kunsi atasungunuka, ndinaona chigamba. Bambo anamatapo kalekale ndi phala lija lomatira zitsulo, n'kudina ndi chala chachikulu lisanaume. Chidindo cha chalacho chinali pomwepo, mizere yonse, ndi kamzere kopingasa pakati. Chinali chipsera chimene lamba wa injini anawasiyira.

Ndinakhala pansi, m'matope momwemo.

Chala chimenechi n'chimene chinandikoka khutu tsiku limene ndinasiya sukulu. N'chimenenso chinkandikodola Loweruka m'mawa, chifunga chisanachoke m'mapiri: "Poti sukulu wakana, bwera undigwirire sipanala." Ine ndinkati ndikubwera, n'kuzembera kumpira. Ndinkayesa adzandiitana mpaka kalekale.

Lachisanu ndinafika kwa a Kamwendo, ndipo ndinayamba ndi moni. Anadzaza thanki ndi madzi. Dontho linatulukira m'mbali mwa chigamba chomwecho.

"Ichi chichoke," anatero.

"Ayi, wotchererani mozungulira. Pamenepo musakhudze."

"Chikudontha n'chomwechi, mwanawe. Sankha: chala kapena galimoto."

Inu mukanatani? Kusunga chala, galimoto ikadulidwe zidutswa pa sikelo? Kapena kupala dzanja la bambo ako ngati mamba a nsomba?

Mkuluyo anandiyang'ana, kenaka anandipatsira kampeni kake. "Chotsa wekha. Ukapupuluma chiphwanyika."

Abale, chibadwire sindinagwirepo ntchito mofatsa chonchija. Pang'ono apa, pang'ono apo, mpweya ndikugwira. Chinamatuka chathunthu, n'kugwera m'manja mwanga. Ndi pamene ndinamva bwino zimene amanena akuluakulu, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku ano ogula zitsulo akuyenda mudzi ndi mudzi, ndipo ife achinyamata ndife timawasonyeza njira. Khasu la agogo, mkombero wa ngolo, makina osokera a amayi aakulu, zonse pa sikelo. Chinthu chikangodontha timati chatha. Sitifunsa kuti anachikonzapo ndani, kangati, ndi manja otani. Sikelo imayeza kulemera kwa chitsulo basi. Sidziwa kuti pali munthu anagwada pa mame m'bandakucha kumata dzenje kuti kabichi afike kumsika ana adye.

Sindikunena kuti tisunge chiphakasa chilichonse. Ndikungoti musanagulitse, tsukani kaye. Yang'anani kunsi.

A Kamwendo anawotcherera dzenjelo, ndipo Loweruka ndinakwezanso thanki, mabawuti onse anayi ndinamanga popanda hamala. Kapikapu kanatsokomola, kananjenjemera, kanayenda. Nkhuku zinabalalika. A Fabiano, amene ankafuna kukagulitsa aja, ndi amene anayamba kukwera kutsogolo. Tikufika kumsewu anali akusisita chitseko, chipewa chili pamabondo.

"Ikulira ngati kale," anatero.

Ine dzanja limodzi linali pa chiwongolero, linalo m'thumba la malaya, pa kabokosi ka machesi m'mene ndasungamo chigamba chija. Chala changa chachikulu chimakwana ndendende m'chidindomo.

Sipanala ija ndagwira tsopano, bambo. Koma ndiipereke kwa yani?